Thanki Yomwe Inafinyidwa ndi Mpweya

Ntchito ya pa pampu ndinaipeza chifukwa phokoso silinkandivuta. Ndinakulira ku Nangongwe m'nyumba yoyandikana ndi chigayo, choncho pamene anzanga ankatseka makutu podutsa pa chipinda cha makina, ine ndinkangolowamo ngati m'khitchini. Fakitale yathu ndi yaing'ono. Imagula tomato kwa alimi a ku Shimabala n'kumuphika mpaka asanduke phala lolimba lothira m'zitini, ndipo nyengo ya mango ikafika timasintha n'kuyamba kuphika madzi a mango. Ndinalowa ngati wosankha tomato wowola pa lamba woyenda wa makina. Tsiku lina injiniya wathu, bambo wamfupi wa imvi m'mbali yemwe amakhala ku Kafue Estates, anandipeza ndikudya chimanga chootcha pakhomo la chipinda chija makina ali mkati molira.

"Simumva chongo imwe?" anandifunsa.

"Nimvela, ba injiniya, koma sichinivuta."

"Mailo mubwele kuno. Lamba musiyile ena."

M'mawa mwake anandionetsa chinthu chimene mpaka lero sindinachiiwale. Anathira madzi ofunda m'botolo lagalasi lochindikala, n'kulilumikiza ku kapaipi kochokera ku pampu. Atatsegula valavu, chotsekera cha pa kapaipiko, madzi aja anayamba kuwira. Panalibe moto, panalibe mbaula, koma ankabwata ngati akudikira ufa.

"Gwirani botolo," anatero.

Ndinakana. Anagwira yekha ndi dzanja lonse, akundiyang'ana. Nditagwira ndi nsonga ya chala ndinapeza kuti ndi lofunda chabe, ngati madzi osambitsira khanda. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Anandiuza kuti mpweya umene timapumawu ndi wolemera, umakanikiza chilichonse, madenga, mitengo, ifeyo. Madzi amachedwa kuwira chifukwa mpweya wawakhalira pamwamba. Ukauchotsa amawira asanatenthe kwenikweni. N'chifukwa chake tomato wathu amauma madzi osapserera, ndipo amatuluka ali wofiira ngati wangothyoledwa. Malo ochotsedwa mpweyawo ndiwo pa ntchito timati vakyumu. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkati bamboyu pali chimene wabisa.

Pampu imene anandipatsayo amati youma. Sikuti siikhudza madzi, ayi, koma kuti m'mimba mwake, momwe mumadutsa mpweya, mulibe mafuta kapena madzi othandiza kukoka monga zilili ndi mapampu akale. Muli zitsulo ziwiri zazitali zopotana ngati chingwe cha sisalo, zimene timati masikuluu. Zimazungulira moyang'anizana, ina uku ina uku, mwaliwiro loopsa, koma sizikhudzana. Mpata wapakati pake ndi wochepa ngati tsitsi. Mpweya ukalowa kukamwa kwa pampu umatsekeredwa m'mizere ya masikuluu aja, n'kumakankhidwa mpaka kukatulukira kumapeto. Mafuta ali kumbuyo kokha, m'bokosi la magiya amene amaonetsetsa kuti zitsulo ziwirizo zisagundane, ndipo pali zotchinga kuti asadutse. Ubwino wake ndi woti palibe fungo la mafuta limene lingabwerere ku chakudya. Kuipa kwake, pampu yotere siikhululuka. Kamwala, kawaya, ngakhale madzi olowa mwadzidzidzi, zonsezi zikhoza kuimanga.

Ndinaphunzira kuisamala ngati munthu wodwala mtima. Usanaiyatse umayamba watsegula madzi oiziziritsa, amene amayenda m'khoma lake, chifukwa kupanikiza mpweya kumatenthetsa chitsulo mpaka sungachigwire. Umayang'ana mafuta pa kagalasi. Ukaiyatsa, valavu yakukamwa imakhala yotseka kufikira pampu itatenthera bwino, apo ayi nthunzi ikalowa m'chitsulo chozizira imasanduka madzi. Kenako umatsegula pang'onopang'ono, diso lili pa geji yoyezera mpweya. Nthunzi yochokera mu mphika waukulu wophikiramo imayamba yadutsa m'mapaipi ozizira kuti isanduke madzi, ndipo otsalira amagwera m'kathanki kotchera kamene kali pafupi ndi pampu. Poweruka sungangozimitsa n'kunyamula chikwama. Umatseka kukamwa, n'kuisiya ikuyenda ndi mpweya wouma kwa kanthawi kuti m'kati muume. Magetsi akazima mwadzidzidzi, zomwe kuno si zachilendo, ndinkathamangira valavu ija ngati mayi wothamangira zovala pa chingwe mvula ikayamba.

Amene ankandithandiza kwambiri anali fitala wathu, wokonza makina. Anali bambo wa zaka za m'ma fote, wochokera cha kumtsinje, wamtali, wokonda kuimba makolasi a ku tchalitchi chake cha Pentekositi uku akumanga mabawuti. Ine ndine wa Reformed, makolo a abambo anga anachokera ku Malawi kalekale, ndiye ankandiseka kuti ife timaimba ngati tili pamaliro. Ndiye anandiphunzitsa kuika nsonga ya sikuludiraiva pa chitsulo cha pampu, chogwirira chake n'kuchiika kukhutu, kuti ndimve ngati m'kati mukuyenda bwino. "Ba sisi, makina sanama," ankatero. "Akadwala akamba."

Zimene ndikufuna kunena zinachitika m'nyengo ya mango, mvula itayamba kale. Kunja kwa chipinda changa kunali thanki yaitali yonyezimira, yachitsulo chosachita dzimbiri, yotalika kuposa denga la fakitale. Mmenemo ndimo tinkasungira madzi a mango asanaphikidwe. Inalibe pampu yakeyake. Vakyumu ya mu mphika waukulu ndiyo inkakoka madziwo kudzera m'paipi yapansi, monga mwana amakokera chakumwa ndi kapaipi. Pamwamba pa thanki panali kapaipi kopindika ngati chogwirira cha ndodo, kopumira. Madzi akamatsika, mpweya unkalowera pamenepo. Palibe amene ankakaganizira kapaipi kameneko, kupatula njuchi. Chaka chimenecho zinabwera zambiri, zikumazungulira pamwamba pa thanki, zina kulowa m'kati n'kufera momwemo.

M'mawa wa tsikulo magetsi kunalibe, ndipo tinauzidwa kuti abwera madzulo. Thanki inali yodzaza. Tikusesa pabwalo, njuchi zinaluma mayi wina wotsuka mabotolo. Nkhope yake inatupa tikuona, maso anatsekeka, anayamba kupuma movutika. Kapitawo wathu anamunyamula pa galimoto kupita naye kuchipatala. Asananyamuke, fitala uja anamuuza kuti akwera pamwamba akatseke kapaipi kaja ndi pepala la pulasitiki kuti njuchi zibalalike, kenako apite kumsika kukagula sefa yawaya yoti aikepo. Anagwirizana kuti thanki isagwiritsidwe ntchito mpaka fitalayo atabwerako. Izi ndinadzazimva pambuyo pake. Panthawiyo ndinali nditabwerera m'chipinda changa ndikupukuta fumbi, ndipo injiniya anali atapita ku Lusaka kukatenga zipangizo.

Magetsi anabwera dzuwa lisanafike pamutu. Wothandiza kapitawo, yemwe nayenso za pulasitiki sankazidziwa, anakuwa kuti tiyambe msanga madzi a mango asanasase. Ndinachita zonse monga mwa masiku onse. Madzi oziziritsa, mafuta, kutenthetsa, valavu pang'onopang'ono. Singano ya geji inatsika bwinobwino n'kukhazikika pamalo pake. Pampu inkalira kulira kwake kosalala kuja. Mnzanga wa pa mphika waukulu anatsegula paipi yochokera ku thanki, kuphika kunayamba.

Patapita kanthawi ndinamumva akudandaula kuti madzi a mango akubwera mwaulesi. Anaganiza kuti ulusi wa mango watseka paipi, ndiye anatsegula valavu yake yonse. Kathanki kanga kotchera kanayamba kudzaza thovu lachikasu. Ndikuti ndiwerame ndione bwino, kunja kunamveka kugunda, guu, ngati wina wamenya mgolo wopanda kanthu. Kenakonso, guu. Ndinatuluka pakhomo.

Thanki ija inali italowa m'kati mbali imodzi, ngati tsaya la munthu woyamwa nzimbe. Ndinaima ndikuyang'ana, mutu wanga ukukana zimene maso akuona. Palibe galimoto imene inaigunda. Panalibe munthu pafupi. Ndikuyang'ana choncho, mbali ina inalowanso, guu, ndipo chitsulo chinayamba kulira mokhala ngati chitseko chakale.

Nthawi yomweyo fitala analowa pageti pa njinga, sefa yawaya ili yokulunga pa kaliyala. Anayang'ana m'mwamba kamodzi kokha. Njinga anaisiya ikuyendabe, inakagwa yokha.

"Valani mavalavu! Valani zonse!" anakuwa akuthamangira ku makwerero a thanki.

Ndinathamangira m'kati n'kutseka kukamwa kwa pampu. Mnzanga uja nayenso anatseka yake. Koma kutseka sikubwezera mpweya pamene wachoka. M'thanki munali mutakokedwa kale, ndipo njira yokha yoti mpweya ulowemo inali yomangidwa ndi pulasitiki ndi mphira wa chubu cha njinga. Nditabwereranso pakhomo ndinamuona ali pamwamba, dzanja limodzi lagwira chitsulo, linalo likukoka pulasitiki ija. Inali itayamwidwa m'kati mwa kapaipi, yolimba ngati chikopa cha ng'oma. Anaisiya n'kupisa m'thumba kufuna mpeni.

Sindidziwa kuti phokosolo ndilifanizire ndi chiyani. Sikunali kuphulika. Chinthu chikaphulika chimamwazika, koma ichi chinadzikoka chokha. Thanki yonse inapindika pakati ndi kukhwinyata ngati chitini chopondedwa, m'kuphethira kwa diso. Makwerero anapotoka n'kumutaya. Ndinamuona ali m'malere, manja ali tambalale, chisoti chikugwa pachokha. Msoko wa thanki unang'ambika cha m'munsi, ndipo madzi a mango anathovoka n'kudzaza bwalo lonse mpaka m'mapazi mwanga.

Kenako kunangoti zii. Anthu onse anaima pamene anali. Chimene ndinkamva chinali pampu yanga yokha kumbuyo kwangaku, ikulira mosalala, osasintha ngakhale pang'ono, ngati palibe chachitika. Miyezi yonse ija ndinkaipukuta ndi kansalu, kuimvetsera ndi khutu, kuinyadira. Sindinkadziwa kuti ndimayatsa chinthu chotha kupinda chitsulo chotalika kuposa nyumba. Wothandiza kapitawo anathamangira ku bokosi lalikulu la magetsi n'kuzimitsa fakitale yonse, ndipo pampu inaima ili yotentha, thovu la mango lili m'kati.

Ndinafika pamene anagwera ndikuterereka. Anagona chagada m'madzi achikasu aja, mwendo wakumanzere utapindikira kumene mwendo supindikira. Maso anali otsegula. M'khutu limodzi munkatuluka magazi.

"Ba fitala! Ba fitala, mwanimvela?"

Anandiyang'ana pakamwa. "Ba sisi, mukamba chani? Kambani mokweza."

Ndinali ndikukuwa kale ndi mawu anga onse.

Galimoto ya fakitale inali idakali kuchipatala ndi mayi wa njuchi uja. Tinaimitsa kalole kamene kanabweretsa mango, tinamugoneka pa chitseko chimene amuna anazula ku sitolo, n'kumukweza pamwamba pa matumba. Njuchi zinali zitatsika kale pabwalo lonse, zikumwa, ndipo palibe amene ankazithawa. Ine ndinakhala pansi pakhomo la chipinda changa.

Phokoso lija linamveka mpaka ku Nangongwe. Posakhalitsa pageti panadzaza anthu, amayi a pamsika ndi ana kumbuyo, anyamata oitanira minibasi, ena opanda nsapato. Mbiri inali itafika kale kuti boyila yaphulika ndipo anthu afa ambiri. Pakati pa gululo ndinaona abambo anga. Ndi munthu wachikulire, mkulu wa mpingo, amene satuluka pakhomo osavala jekete, koma tsiku limenelo anali ndi vesiti yokha ndi patapata. Mlonda atanditulutsa, abambo anandigwira mapewa, mikono, nkhope, ngati akufuna atsimikize kuti ziwalo zonse zilipo. Atatero anayang'ana kupyola mpanda.

"Mwana wanga, chagunda thankiyo n'chiyani?"

"Palibe, ababa. Ndi mpweya."

"Mphepo? Lero kulibe mphepo."

"Si mphepo ayi. Mpweya womwewu tikupumawu."

Iwo anagwirapo ntchito m'fakitale ya nsalu unyamata wawo wonse, makina amawadziwa, anaonapo zala zikudulidwa ndi malamba. Koma izi zinawakanika. Mayi wina amene anaima pafupi anamva zimene ndinanena, ndipo anaomba m'manja. "Mwamvela? Ati ni mpweya! Chinthu chosaoneka ndiye chafinya nsimbi!" Mawu aja anayenda m'gulu lonse, ndipo pofika kumapeto kwa mpanda anali atasanduka mzimu.

Injiniya anafika chakumadzulo. Anatsika galimoto n'kuyenda molunjika ku thanki, nsapato zake zikumata m'madzi a mango. Anavula chisoti, anaizungulira, anakhudza pamene chitsulo chinapindika.

"Ninaphunzila izi ku sukulu," anatero potsiriza, osayang'ana aliyense. "Ninaona pa zithunzi. Sininaganize kuti nizaona na maso." Anati thanki yoteroyo inapangidwa kuti isunge madzi okankha kuchokera m'kati, osati kulimbana ndi mpweya wokankha kuchokera kunja, ndipo sipafunika vakyumu yambiri kuti igonje. Anati pankayenera kukhala valavu yodzitsegukira yokha mpweya ukachepa m'kati, ndipo kusowa kwake sikunali kulakwa kwa fitala. Ananena zimenezi pamaso pa eni fakitale, ndipo anadzazinenanso kwa oyendera za chitetezo pamene anabwera.

Kunyumba abambo anakana kudya. Ndinatenga botolo la pulasitiki lopanda kanthu, ndinaliika pakamwa n'kuyamwa mpweya mpaka linakhwinyata. Ndinawauza kuti ndi zomwezo. Analitenga, analitembenuza, n'kuliika pa tebulo.

"Botolo ndi botolo, chitsulo ndi chitsulo," anatero. "Ntchito imeneyi uisiye. Kuli bwino uzikagulitsa tomato pamsewu."

Nanenso mtima unali komweko.

Fakitale inatsekedwa kwa kanthawi, koma ine ndi injiniya tinkapitabe chifukwa cha pampu. Titayesa kuizungulitsa ndi dzanja inakana, inali gwa. Shuga wa m'thovu lija anapsa pa zitsulo zotentha, ndipo zitazizira anauma ngati phula. Tinaimasula. Kanali koyamba kuti ndione masikuluu aja ndi maso anga, chifukwa kale ndinkangowadziwa pa chithunzi cha pakhoma. Anali okongola, osalala, olemera moti tinawakweza ndi tcheni, atakutidwa ndi zakuda zonunkhira ngati switi wopserera. Tinawanyowetsa ndi madzi ofunda n'kumapala ndi kathabwa, chifukwa chitsulo chikanawakanda. Ndinkapala ndikuganiza kuti zinthu ziwirizi sizinakhudze thanki, sizinakhudze munthu, sizikhudzana n'komwe zokhazokha, koma fitala ali gone m'chipatala ku Lusaka.

Ndinapita kukamuona. Anamuika zitsulo m'mwendo ndi m'chiuno, ndipo madokotala anati khutu lakumanzere silidzamvanso. Anaonda. Atandiona anayesa kuseka, n'kundiuza kuti ndikhale mbali ya khutu lamoyo. Anandifunsa za mayi wa njuchi, ndinamuuza kuti anachira. Za thanki sanafunse. Mkazi wake ndiye ananditengera panja, pakhonde, n'kuyamba kulira mopanda mawu.

Anandiuza zimene zinkanenedwa kwawo. Ena ankati eni fakitale anapereka mwamuna wake nsembe kuti malonda ayende. Ena ankati iye mwini ndiye anali ndi zithumwa, ndipo pulasitiki imene anamanga pamwamba paja inali mankhwala amene anamutembenukira. Ana awo ankasekedwa kusukulu. Oyandikana nawo anasiya kubwereka mchere. Ngakhale ku tchalitchi kwawo, kumene mwamunayo ankatsogolera nyimbo, kunali anthu amene ankafuna kuti akatuluka m'chipatala ayambe waulula machimo.

Ndinamva ngati thanki yagwanso kachiwiri. Munthu anakwera pamwamba kuteteza anzake ku njuchi, anakweranso kuti apulumutse thanki, ndiye malipiro ake akhale amenewa?

"Imwe munalipo," anatero mayiyo. "Ndimwe muyendetsa makina. Bwelani mukakambe ku chalichi. Ine sibanganimvele."

Ine sindine wolankhula pagulu. Ku mpingo kwathu mkazi wa msinkhu wanga amakhala phee, n'kuimba nyimbo ya m'buku. Koma Lamlungu lotsatira ndinapita. Abambo atamva kumene ndikupita anangovala jekete yawo n'kunditsatira. Tchalitchicho chinali cha malata, chodzaza achinyamata, zokuzira mawu zikugwedeza mabenchi. Abusa anandipatsa maikolofoni. Ndinayamba ndi njuchi. Ndinafotokoza za mayi wotupa nkhope, za magetsi obwera msanga, za kapaipi kopumira. Ndinati pampu yanga imachotsa mpweya, ndipo pamene mpweya wachoka, wakunja umakankha kufuna kulowa. Ndinatulutsa botolo m'chikwama n'kuyamwa pamaso pa mpingo wonse. Ana anaseka. Akuluakulu sanaseke.

Mnyamata wina wovala suti anaimirira kumbuyo. "Manje ba sisi, ngati ni mpweya chabe, n'chifukwa chani inadikila kuti akwele pamwamba ndiye igwe?"

Ndinati thanki inali itayamba kale kugonja iye asanafike, ndipo ikanagwa ngakhale akanakhala kumsika. Ndinati chimene chinamukweza pamwamba si mzimu, ndi mtima wake. Pamenepo abambo anga anaimirira, chipewa chili m'manja, m'tchalitchi cha eni ake.

"Ine za mpweyazi sindikuzimvetsa," anatero m'Chichewa chawo chakale chija, chimene achinyamata a m'tauni amachiseka. "Ndayesa, zandikanika. Koma mwana uyu ndinabala ndine, ndipo sananamepo kwa ine. Munthu wavulala pa ntchito. Kwathu wovulala timamuphikira phala, sitimuzenga mlandu."

Anakhala pansi. Sindinganene kuti onse anakhulupirira. Mpaka pano alipo amene amati pa fakitale yathu pali chinachake, ndipo nthawi zina m'minibasi ndimamva nkhaniyi ikukambidwa ndi anthu osandidziwa, thanki itakula kawiri ndipo akufa ali khumi. Koma sabata imeneyo amayi a mpingowo anayamba kupita kunyumba kwa fitala ndi ndiwo ndi makala, ndipo za kuulula machimo sizinamvekenso.

Za kusiya ntchito abambo sanazitchulenso, inenso sindinasiye. Thanki yatsopano itabwera inali ndi nthiti zachitsulo kuzungulira thupi lake, valavu yodzitsegukira yokha, ndi sefa yawaya pa kapaipi kopumira. Anakhazikitsanso lamulo loti aliyense wotseka kanthu pa makina azimangirira chikwangwani chofiira pa switchi, ndipo wochotsa akhale yemweyo. Tsiku loyatsanso pampu, chala changa chinakana kudina batani. Injiniya anaima pambali panga osandifulumiza. Nditadina, kulira kuja kutayamba, ndinatuluka panja n'kukasanza kuseri kwa khoma. Kenako ndinabwerera, chifukwa pampu inali itatenthera ndipo valavu inkadikira kutsegulidwa.

Fitala anabwerera ku ntchito mvula ya chaka chotsatira itayandikira. Amayenda ndi ndodo, mwendo umodzi ndi waufupi, ndipo amagwira ntchito atakhala pa benchi m'shedi yokonzera zinthu. Kuimba sanasiye, kungoti tsopano amaimba mokweza kwambiri ndipo nthawi zina amaphonya nyimbo osadziwa. Kukwera sangathenso. Choncho ntchito yoyang'ana kapaipi kopumira m'mawa uliwonse, pampu isanayatsidwe, inagwera ine.

Ulendo woyamba ndinafika pakati pa makwerero n'kuima. Ndinakumbatira chitsulo, maso ali tsinzinu, osatha kukwera, osatha kutsika. Pansi ndinamva ndodo ikugogoda simenti. Anali atachoka pa benchi yake n'kudzaima patsinde pa makwerero, dzanja limodzi atagwira chitsulo.

"Osayang'ana pansi, ba sisi!" anakuwa, mokweza moti a pa lamba onse anatembenuka. "Yang'anani pamene muika dzanja!"

Ndinakwera. Pamwamba mphepo inkaomba, ndipo ndinkaona madenga a Nangongwe, njanji, ndi mtsinje uli phee patali. Ndinapisa zala pa sefa ija, ndinachotsa tsamba limodzi louma limene linakakamira m'mbali.

"Muli chani?" anafunsa.

"Mulibe! Ni poyela!"

"Ati chani?"

Ndinatulutsa dzanja n'kumuonetsa chala chachikulu. Anagwedeza mutu, anadikira mpaka phazi langa litaponda pansi, kenako anabwerera ku benchi yake pang'onopang'ono, ine n'kulowa kukatsegula madzi oziziritsa.